Dzino la Anangondo ndi Mithunzi ya Mfumu

Mu ufumu wa Yambaniinu munali lamulo limodzi limene ngakhale mwana woyamwa ankalidziwa: woyamba ndiye wolakwa. Analikhazikitsa ndi agogo ake a Mfumu Sindikhuta Yachitatu atatopa ndi kumanga anthu. Iwo anaona kuti khamu silikwana m'ndende, ndiponso likakwanamo limadya kwambiri. Choncho analamula kuti kukachitika chipolowe, asilikali asavutike ndi anthu onse, angofunsa funso limodzi basi: ndani wayamba? Ameneyo ankamutumiza ku Phiri la Wekha, kumene munthu amakhala yekhayekha mpaka imfa, popanda ngakhale womuyankha moni.

Lamuloli linagwira ntchito mopitirira muyeso. Anthu a ku Yambaniinu anasanduka akatswiri a kukhala achiwiri. Pamaliro ankakhala duu mpaka masana, misozi ili lengelenge, aliyense akuyang'ana mnzake cham'mbali kuti ayambe ndani kulira. Nyumba ikamapsa, mudzi wonse unkafika ndi zidebe zodzaza madzi n'kuima mozungulira motowo mwaulemu. Koma wina akangoyamba, simukanawaletsa. Ankalira mpaka mawu kusasa, ena osadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani.

Amene anapsa nalo kwambiri lamuloli anali mafumu omwe. Mfumu imalankhula kuti anthu aombe m'manja, nanga ingalankhulirenji? Koma ku Yambaniinu inkamaliza mawu ake onse bwalo lili zii. Motero kunakhazikitsidwa udindo wa Woyambitsa Nthungululu, munthu mmodzi yekha m'dziko lonse wokhala ndi chiphaso chomulola kuyamba. Pa nthawi ya nkhani yathuyi udindowu unali m'manja mwa Delifa Nangondo, mayi wogulitsa zitumbuwa patsinde pa mtengo wa mango mumsika wa Tionakaye, ndipo anali ataugwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ntchitoyi inali ndi luso lake. Anangondo sankamvera mawu a Mfumu ayi, ankamvera mpweya. Mfumu ikatsitsa mawu, n'kukoka mpweya wautali, n'kutukula chibwano, pamenepo ndiye panali pamalo pake. Iwo ankatulutsa nthungululu yakuthwa yomveka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Sindine, khamu lonse n'kugwera momwemo. Mukanawafunsa pobwerera kuti Mfumu yanena chiyani, akanakuyankhani kuti yanena bwino.

Chimene Anangondo ankaopa pansi pano chinali chimodzi, Phiri la Wekha. Anali munthu wosatha kusenda mtedza popanda womuuza nkhani. Wogula chitumbuwa chimodzi ankachoka atamva za ukwati wa anthu atatu. Njala akanaipirira, matenda akanawapirira, koma kukhala malo opanda woyankha, ayi, kuli bwino kungowaika m'manda.

Tsoka sasimba. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Anangondo analuma kamwala m'chimanga chokazinga, dzino la m'kati n'kung'aluka. Pofika tsiku la msonkhano waukulu tsaya linali litatupa ngati abisamo dzira. Anavula duku kumutu, n'kumanga nalo chibwano, mfundo ili pamwamba, n'kupita kubwalo kukaima pamalo awo a masiku onse, pafupi ndi nsanja.

Mfumu Sindikhuta inaimirira pansi pa ambulera itatu n'kuwerenga lamulo latsopano.

"Popeza mitengo imamera m'nthaka, ndipo nthaka ndi ya Mfumu, mthunzi uliwonse wogwa kuchokera mumtengo ndi katundu wa Mfumu. Kuyambira lero, wopezeka atakhala, ataima, kapena akuyenda pang'onopang'ono mumthunzi popanda chiphaso ndi mbava. Za mthunzi wa munthu mwiniwake tikuziganizirabe."

Inatsitsa mawu, inakoka mpweya, inatukula chibwano. Anangondo anatsegula pakamwa monga mwa ntchito, lilime n'kukhudza dzino lija. Ululu unawalasa mpaka m'khutu, m'maso munada, ndipo anatseka pakamwa n'kugwira tsaya. Za mithunzi sanamve n'liwu limodzi lomwe.

Bwalo linati zii. Mfumu inabwereza mzere womaliza uja, n'kutukulanso chibwano. Inabwereza kachitatu, chibwano chitaloza kumwamba kwenikweni. Kutali galu anauwa, ndipo asilikali awiri anathamangira komweko kukagwira woyamba.

Poyamba anthu ankangodikira, monga mwa chizolowezi. Koma chete akatalika amayamba kulankhula. Aliyense pabwalopo anali atapsa mtima ndi nkhani ya mithunzi, koma aliyense ankayesa kuti wapsa mtima yekha, anzake onse akondwa. Tsopano anayang'ana kumanja, manja a mnzake ali m'mbali. Anayang'ana kumanzere, chimodzimodzi. Anayang'ana kutsogolo, n'kuona mayi wa nthungululu ataimirira nji, chibwano chitamangidwa ndi duku pamaso pa Mfumu. Anthu zikwi zinayi anazindikira nthawi imodzi kuti alipo zikwi zinayi. Mfumu inapinda pepala lake n'kutsika pansanja thukuta lili kamukamu.

M'mawa mwake Anangondo atafika pamsika anaima kukamwa kuli yasa, mmene dzino likanalolera. Amalonda onse anali atayala katundu wawo padzuwa, mithunzi ili mbee yopanda munthu, ndipo mayi aliyense anali atamanga chibwano ndi duku, mfundo ili pamwamba. Abambo anamanga mipango. Wogulitsa makala wina, posowa nsalu, anamanga ndi chubu cha njinga.

Anasoko, mnzawo wapamtima wogulitsa masamba, amene ankalera zidzukulu zinayi ndi bonongwe yemweyo, anawasendezera kampando.

"Anangondo, dzulo mwatitsegula maso."

"Maso ati, mayi mnzanga? Ine ndi dzino."

"Ndikudziwa. Si ndinakuuzani kalekale kuti mukalizulitse? Koma musanene mokweza, anthu akhumudwa."

"Nanga bwanji mwakhala padzuwa nonsenu?"

Anasoko anadabwa. "Kodi inu simunamve zimene Mfumu inanena?"

"Inanena bwino," anatero Anangondo mwachizolowezi, akusisita tsaya.

Anasoko asanafotokoze, panafika a Pondani, mphunzitsi wopuma ntchito amene kwa zaka zambiri ankayenda ndi kope m'khwapa kufunafuna choti alembemo. Kumbuyo kwawo kunali amuna asanu omanga zibwano.

"Mayi athu," anatero a Pondani akuwerama, "tapanga bungwe. Ine ndine wachiwiri kwa wapampando. Awa ndi wachiwiri kwa mlembi. Awo ndi wachiwiri kwa mneneri, ngakhale kuti bungwe lathu mfundo yake ndi kusanena kanthu."

"Nanga wapampandoyo ndani, aphunzitsi?"

"Funso limenelo lisakuvuteni, mayi," anayankha a Pondani, akuwayang'ana mwachikondi choopsa.

Anangondo anazindikira kuti wapampandoyo ndi iwo. Anaona Phiri la Wekha likuwakodola.

"Aphunzitsi, chonde, ine ndikudwala dzino. Sindinayambe kanthu ine."

"Dzino lingakhale lanu, mayi, koma chete uja ndi wa dziko." Mawuwo anawakomera eni ake, mpaka anatsegula kope n'kuwalemba.

Anangondo anaona kuti mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kuchotsa dzinolo. Wozula mano ku Tionakaye anali a Lomosi, okonza njinga, amene ankakhala kutsidya kwa Sindine, ndipo njira yopita kumeneko inali imodzi yokha, yodutsa pachipata cha nyumba yachifumu. Anadzuka kuti azipita.

"Simungapite nokha, mungagwe panjira," anatero Anasoko. Anafunditsa masamba awo thumba lonyowa n'kuwagwira mkono.

Wamakala uja ataona amayi awiri akuyenda anawerengera mumtima kuti wachitatu alibe mlandu, ndipo anatsatira. A Pondani ndi achiwiri awo anatsatira wamakala. Ogulitsa tomato anatsatira a Pondani, ogula anatsatira tomato. Pofika pachigayo anali mazana, pofika pasukulu anali zikwi. Olowa m'khamumo ankafunsa oyandikana nawo kuti tikupita kuti, n'kuyankhidwa kuti kutsogoloku akudziwa. Ena anamva kuti kuli maliro, ena kuti Mfumu ikugawa shuga. Bambo wina amene ankapita kukagulitsa mbuzi anapezeka ali pakati, ndipo posafuna kuoneka wosiyana anamanga chibwano cha mbuziyo.

Anangondo sanacheuke n'kamodzi komwe, chifukwa kutembenuza khosi kunkawawa. Atafika pachipata cha nyumba yachifumu, malovu anali atadzaza m'kamwa monga amachitira kwa wodwala dzino. Anaima, anaweramira pambali, n'kulavula.

Kumbuyo kunamveka mkokomo wachilendo. Anthu zikwi zinayi anawerama n'kulavula pachipata cha Mfumu Sindikhuta Yachitatu, ndipo fumbi la Okutobala linagona ngati kwagwa mvula yoyamba. Asilikali a pachipata anadziwerenga, n'kupeza kuti alipo khumi ndi awiri. Mkulu wawo anapisa m'thumba, anatulutsa kampango, n'kumanga chibwano chake pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene Anangondo anacheuka, n'kuona khamu lonse lili kumbuyo kwawo.

Chipata chinatseguka pang'ono, n'kutulukira a Khutulamfumu, Nduna ya Bata, munthu wowonda wolankhula motsitsa amene anatumikira mafumu awiri osakalipirapo munthu.

"Mayi, mwayenda padzuwa. Lowani mudzamwe madzi."

Anawalowetsa m'Bwalo la Ndaniwayamba n'kuwakhazika pamphasa, nduna zili pamipando, Mfumu ili pamwamba ikudzipepesa ndi chipepeso. Khamu linatsala panja litaima, popeza panalibe woyamba kubwerera kwawo.

Nduna zinakambirana ngati kuti mayiyo palibe. Nduna ya Malamulo inati mlandu ndi wovuta, chifukwa mayiyu pabwalo paja sanachite kanthu. Nduna ya Asilikali inati ndiye mlandu wakewo, anayamba kusachita kanthu. Nduna ya Zosangalatsa inapempha kuti chete aletsedwe m'dziko lonse, munthu aliyense aziyenda akung'ung'udza. Ina inati aletse maduku, koma itakumbukira kuti mkazi wa Mfumu ali nawo sutikesi yodzaza, inatsokomola n'kukhala pansi. Za malovu palibe anafuna kuzitchula.

A Khutulamfumu anadikira onse atope, kenako anagwada pafupi ndi mphasa.

"Mayi, tandiuzani zoona. Chavuta n'chiyani?"

"Dzino, bwana. Ndikulumbira pali malemu mayi anga, ndi dzino basi."

Ndunayo inayang'ana tsayalo ndipo inakhulupirira. Inali munthu woyamba waudindo kukhulupirira.

"Nanga pochoka kumsika munali nokha?"

"Ayi, bwana, anandiperekeza Anasoko. Anthu abwino amenewa, alibe chifukwa."

"Ndiye kuti inu munadzuka, anthu osasuntha. Atadzuka Anasoko, msika wonse unadzuka."

"Kaya, bwana, ine sindinacheuke."

A Khutulamfumu anagwedeza mutu ngati munthu wotola singano imene anaitaya kalekale. Kenako ananena mofatsa kuti nkhani ndi yapafupi. A Lomosi aitanidwa pompano adzazule dzinolo. Mawa m'mawa Mfumu idzawerenganso lamulo lija, Anangondo adzaimba nthungululu, khamu lidzagweramo, ndipo zonse zidzaiwalika. Akapanda kutero, Phiri la Wekha lili pomwe lija.

"Bwana, lingochoka dzinoli, ndidzalulutira mpaka madenga asasuke."

A Lomosi anabwera ndi pulayala yawo ya njinga, anaipukuta pa buluku polemekeza nyumba yachifumu, ndipo anagwira ntchito yawo kuseri kwa bwalo. Anangondo anakuwa kamodzi kokha. Panja khamu litamva linakuwanso, mpaka mbalame zinathawa m'mitengo ya Mfumu.

Kutacha, tsaya linali litaphwa, lilime likuyenda bwinobwino. Anangondo anapita kubwalo mtima uli m'malo, duku lili pachibwano poteteza bala ku mphepo. Khamu linali lalikulu ngati dzana, lonse lili padzuwa, mithunzi ya mitengo yozungulira bwalo ikulonderedwa ndi asilikali. Mfumu inakwera pansanja n'kuyamba kuwerenga.

Apa ndi pamene panalakwika. Anangondo anali ndi mantha oti angaphonye malo, choncho anatchera khutu kuposa masiku onse, ndipo m'malo momva mpweya anamva mawu. Kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anamva chimene Mfumu ikunena. Anamva kuti mthunzi wa mango uja, umene anakhalapo kuyambira ali mtsikana, ndi katundu wa munthu amene sanaponde mumsika chibadwire. Anamva ndime yoonjezera, yoti okalamba ndi amayi oyembekezera sakupatulidwa, chifukwa ndiwo amakhalitsa mumthunzi.

Anayang'ana khamu. Anaona Anasoko kutsogolo, milomo itang'aluka, masiku awiri a masamba ofota ali pankhope. Anaona amayi akutchinga makanda ndi zitenje. Manyazi anawagwira, manyazi enieni otentha kuposa dzuwalo. Anadzifunsa kuti pa zaka zonsezi analulutira zingati zotere. Anakumbukira chaka chimene chitsime cha pamsika chinatsekedwa, iwo akudandaula pamodzi ndi anzawo, osadziwa kuti nthungululu yotsekera chitsimecho inatuluka pakamwa pawo.

Mfumu inatsitsa mawu, inakoka mpweya, inatukula chibwano.

Anangondo ankaopa kwambiri, ndipo tisawanamizire kulimba mtima kumene analibe. Phiri lija linkaoneka bwinobwino kuseri kwa nsanja. Koma lilime linakana. Anamasula duku kuti aliyense aone kuti tsaya laphwa, analipinda, n'kutseka pakamwa. Kumbuyo kwawo maduku zikwi zinayi anamasulidwa, ndipo bwalo linati zii kachiwiri.

Nduna yochenjera imayenda ndi mapepala awiri. A Khutulamfumu ananong'oneza Mfumu, anapisa m'thumba lina la jekete, n'kuwerenga motsitsa monga mwa khalidwe lawo.

"Mfumu, mwa chifundo chake chosatha, yabwereka anthu ake mithunzi yonse kuti aziigwiritsa ntchito mosamala. Delifa Nangondo, poyamba chete wopanda chilolezo, apita ku Phiri la Wekha lero lomwe. Ndipo popeza boma lafufuza n'kupeza kuti munthu mmodzi sapanga khamu koma womutsatira, lamulo la makolo lakonzedwa motere: woyamba ndi wolakwa, wachiwiri ndi wolakwanso chimodzimodzi, ndipo adzapatsidwa phiri lakelake." Pamenepa anakweza maso n'kuyang'ana Anasoko mwaulemu. "Wachitatu ndi onse omutsatira alibe mlandu."

Asilikali anachoka pansi pa mitengo. Khamu linasendera kumithunzi lonse pamodzi, pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, kuti pasaoneke woyamba kapena wachiwiri. A Pondani anafika patsinde pa mkuyu, anapukuta thukuta, n'kuuza oyandikana nawo kuti bungwe lapambana. Anaonjeza kuti mawu oti wachiwiri kwa wapampando anali ongocheza, iwo kwenikweni anali membala wamba.

Msilikali mmodzi anakwana kuperekeza Anangondo. Njira yopita kuphiri inkayambira pabwalo pomwepo, yoongoka, yopanda mtengo, ndipo anthu onse ankaiona. Anangondo anayamba kuyenda, duku lili m'manja, akudziuza kuti dzulo lomweli anthu awa anawatsatira chifukwa cha dzino chabe. Lero, pamene achita chinthu chenicheni, angalephere bwanji? Anayenda pang'onopang'ono kuti awapatse mpata.

Ndipo kunena zoona, anthu a ku Yambaniinu sanali oipa mtima. M'mithunzi monse misozi inali lengelenge. Amuna anali atamanga malamba, amayi atabereka ana, wamakala uja ataika kale phazi patsogolo. Akanangodzuka mmodzi, dziko lonse likanakhamukira kuphiriko, ndipo Phiri la Wekha likanasanduka msika. Anthu zikwi zinayi onsewo anali okonzeka ndi mtima wonse kukhala achitatu. Maso onse anali pa Anasoko.

"Achimwene, kodi kwanu n'kuti?" Anangondo anafunsa msilikali uja, chifukwa chete anali atayamba kale kuwaluma.

Msilikaliyo anali atalamulidwa kuti asayankhe, ndipo anayang'ana kutsogolo.

Pokhota njira Anangondo anaima n'kucheuka. Anasoko anali ataimirira m'mphepete mwa mthunzi, akulira poyera osadikira munthu, phazi limodzi lili padzuwa. Zidzukulu ziwiri zinali zitagwira chitenje chawo. Amayi awiriwo anayang'anana nthawi yaitali, khamu lonse litagwira mpweya.

Anangondo anawerenga zidzukuluzo, anakumbukira ziwiri zina zimene zinatsala kunyumba, ndipo anapukusa mutu pang'ono kuti mnzawo aone. Kenako anatembenuka msanga, asanaone ngati phazi lija labwerera mumthunzi, n'kuyamba kufotokozera msilikali wosayankhayo mmene amakazingira zitumbuwa kuti zisamwe mafuta.